Talbot House ku Poperinge, nyumba ya Bambo Clayton

Abale amene muli ku Belgium kapena mukudutsa cha uko, Talbot House musaiphonye ayi. Ine ndimaganiza kuti ndikaona mfuti ndi mayunifomu basi ngati mamiyuziyamu ena a nkhondo, koma ndinapeza nyumba ya wansembe, yofunda ngati kwanu.

Anaitsegula ngati malo opumulirako asilikali ndi Bambo Philip Clayton a Anglican, aja ankangowatchula kuti Tubby, mu Disembala 1915 nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, tawuni ya Ypres ili pafupi pomwepa pamene anyamata ankafa tsiku ndi tsiku. Dzina la nyumbayi ndi la Gilbert Talbot, yemwe anaphedwa chaka chomwecho, mng'ono wake wa wansembe mnzawo Neville Talbot. Chomwe chinandigwira mtima nchakuti pachitseko cha chipinda cha Bambo Clayton anaikapo mawu oti aliyense wolowa asiye udindo wake panja, ndiye tangoganizani bwana wa asilikali ndi msilikali wamba kumwa tiyi limodzi, wina akuimba piyano wina akulembera mayi ake kalata, ndipo ukafuna kubwereka buku umasiya chipewa ngati chikole. Mpaka lero odzipereka apamenepo amakulandira ndi kapu ya tiyi, amacheza nawe mosathamanga, ndipo zipinda zogona zilipo ukabukitsa.

Koma mtima wa nyumbayi uli pamwamba penipeni, kachipinda kakudenga komwe ankachitira Misa. Masitepe ake ndi oimirira zedi ngati makwerero, agogo ndi a vuto la mawondo mukwere mwapang'onopang'ono. Guwa lake si la mwala kapena lokongoletsa ayi, ndi benchi ya kalipentala yomwe anaitola pakhomo pompo, ndinaima pafupi nkumayang'ana thabwa lakalelo nkumaganiza za anyamata amene analandira Mgonero pamenepa mawa lake nkubwerera kunkhondo osabwerakonso. Misozi inalengeza ndithu.

Nkhondo itatha Bambo Clayton sanawataye anthu awo, anayambitsa gulu lachikhristu lothandiza anthu lotchedwa Toc H, kenako kuyambira 1922 anatumikira zaka 40 pa tchalitchi cha All Hallows by the Tower ku London, anamwalira 1972.

Mukapita musathamange, patulani theka la tsiku, mukatsika kukachipindako mukakhaleko kaye m'dimba kuseri musanatuluke.