Kupolishitsa wotchi yodula mu Blantyre: kuwala kwabwera, ngodya zapita

Nyenyezi 3 pa 5.

Ndemanga iyi ndi ya ntchito yopolisha mawotchi pa kashopu kena m'kati mwa tauni ya Blantyre. Kunapita mawotchi awiri: Seiko 5 yachitsulo yovala tsiku lililonse, ndi Rolex Submariner 16610 ya mamilimita 40, ija ya mkombero wakuda wozungulira galasi. Amisiriwo analonjeza masiku 3, ntchito inatenga 6 chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, ndipo pamenepo sindiwaimba mlandu. Mawotchi onse anabwerako akuwala ngati angochoka kumene m'bokosi. Munthu woiona Rolex imeneyi pa ukwati ku Comesa Hall anganene kuti ndi yatsopano. Wogula mawotchi wodziwa ntchito yake, akaiyang'ana ndi kagalasi kokuzira zinthu, atsitsa mtengo nthawi yomweyo.

Ambiri timaganiza kuti kupolisha ndi kutsuka kwapamwamba chabe. Si choncho. Wotchi ikakandika, ndiye kuti pachitsulopo pakumbika kangalande. Polishi sakwirira kangalandeko. Gudumu lopolishira limadya chitsulo chonse cha m'mbali mpaka chitsike kufika pansi pa kangalande kaja, ndipo diso limaona ngati kukandika kwatha. Akalipentala a ku Ndirande amazidziwa bwino izi: thabwa lokumbika umalipala lonse kuti lisalale, koma likasalala limakhala litapyapyala. Kusiyana kwake n'kwakuti thabwa ukhoza kugula lina.

Zomwe anachita bwino ziyamikiridwe. Sanapolishe wotchi makina ali m'kati, monga amachitira ena a pakhonde la sitolo. Anayamba achotsa lamba, n'kutsegula kumbuyo, kutulutsa makina pamodzi ndi nkhope yowerengerapo nthawi ndi mivi yake, kuchotsa mkombero, kenako timphira tonse totchinga madzi. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa gudumu limatenthetsa chitsulo moti sungachigwire ndi dzanja. Kutenthako kumaumitsa timphira ndiponso kumamwaza mafuta a m'makina, pomwe fumbi la polishi limalowa pansi pa kabatani kokonzera nthawi n'kukakhala ngati mchenga pa ulusi wake wopotera. Atamaliza anatsuka zitsulo zonse m'kabeseni ka ultrasonic, kotsuka ndi kunjenjemera kwa madzi, ndipo m'malumikizidwe a lamba simunatsale phala lobiriwira lija lomwe limadetsa khafu ya malaya oyera. Manambala a pakati pa nyanga zogwira lamba za Rolex, ya mtundu wa wotchi kumtunda kwa 12 ndi ya siriyo kumunsi kwa 6, sanawakhudze. Akuwerengeka bwinobwino.

Pa Seiko ntchito ndi yabwino, palibe chodandaula. Thupi lake n'lobulungira kale, lilibe ngodya zambiri zoti zionongeke, ndipo mtengo wake sudalira kuti inapolishidwapo kapena ayi. Ikanakhala yokhayo, nyenyezi zikanakhala 5.

Nkhani ili pa Submariner. Wotchi imeneyi ili ndi mbali za chitsulo za maonekedwe awiri. Pamwamba pa nyanga zinayi zogwira lamba pali timizere tosalala topesedwa mbali imodzi, tosanyezimira. M'mbali mwake mumawala ngati kalilole. Pomwe ziwirizi zakumana, fakitale inadula kamzere kopendekeka, kopyapyala, koyenda kuchokera pathupi mpaka kunsonga ya nyanga. Kamzere kameneka ndi kamene kamapatsa wotchiyi maonekedwe ake akuthwa. Ukayendetsa chikhadabo pa wotchi yosapolishidwapo, chimakodwa pangodyapo. Pa iyi tsopano chikhadabo chimangotsetsereka ngati pa sopo wogwiritsidwa kale ntchito. Pa nyanga ziwiri kamzereko kakuonekabe pang'ono, pa ziwiri zinazo kanasungunukiratu.

Chifukwa chake n'chodziwika. Pashopupa amagwiritsa ntchito gudumu lansalu lofewa lomangidwa pa makina onolera, omwe amazungulira pafupifupi ka 2,850 pa mphindi. Nsalu yofewa ikakanikizidwa pachitsulo imapindika n'kukumbatira ngodya, ndipo ngodya ndi imene imadyeka msanga kuposa malo afulati, poti mphamvu yonse imathera pa kamalo kochepa. Ogwira ntchitoyi mwaluso amasalaza mbali iliyonse payokha pa chimbale cholimba chafulati, wotchi itagwiridwa pa ngodya imodzi yosasintha, ndipo gudumu lofewa limangobwera kumapeto, mopepuka, kwa masekondi ochepa. Amamatanso tepi yosamva kutentha pa mbali yomwe sakuipolisha. Apa tepi sinamatidwe. Anawalitsa nyanga yonse, kenako n'kubwezeretsa timizere tapamwamba ndi kasiponji ka Scotch-Brite pamanja. Timizereto tilipo, koma sitinafanane: pa nyanga ina tayenda mowongoka, pa ina tapendama, ndipo malire ake ndi mbali yowala ndi okhotakhota.

Nyanga ya pa 5 koloko inali ndi kadzenje, zikuoneka kuti inagundapo pa chitseko cha galimoto. Pofuna kukachotsa anadya chitsulo chambiri, moti ukaigoneka wotchi pa pepala loyera n'kuiyang'ana kuchokera pamwamba, nyanga imeneyi ndi yowonda poyerekeza ndi inzake ya pa 7. Ichi ndicho chilema chachikulu pa ntchito yonseyi. Kadzenje kozama sakachotsa ndi gudumu. Amakakwirira ndi chitsulo cha mtundu womwewo powotcherera ndi laser, kenako n'kusalaza pamwamba pokha. Makina amenewo pashopupa palibe, ndipo zikanakhala bwino akananena kuti, “Bwana, kadzenje aka tikasiye.” Kadzenje kamodzi pa nyanga yonenepa n'kabwino kuposa nyanga yosalala koma yowonda.

Tina ting'onoting'ono: timabowo ta m'mbali mwa nyanga, momwe mumalowa kachitsulo kogwira lamba, tinali ndi milomo yakuthwa, pano takula kukamwa ngati fanulo. Chizindikiro cha chisoti chachifumu pa chotsekera lamba chaphwa pang'ono. Wosadziwa sangazione, koma wodziwa ndi zomwe amayamba kuyang'ana.

Vuto lina, lomwe si la maonekedwe, n'lakuti alibe makina oyesera ngati wotchi ikulowa madzi. Submariner inalembedwa kuti imapirira madzi akuya mamita 300, koma lonjezo limenelo limatha tsiku lomwe yatsegulidwa, mpaka itayesedwanso. Timphira anaika tatsopano ndi kutipaka girizi, zomwe n'zoyenera, komabe popanda kuyesa ndi kungokhulupirira basi. Musapite nayo kukasambira ku Mangochi. Ngakhale mvula ya Januwale ya kuno ndi yokwanira kuonetsa nkhungu pansi pa galasi ngati kamphira kamodzi sikanakhale bwino, ndipo chinyezi chikalowa, dzimbiri limayamba pa makina ndi pa mivi.

Nanga mtengo wa wotchi umatsikadi? Zimatengera wotchi yake ndi amene adzaigule. Ngati ndi ya masiku ano, yopezeka mosavuta, ndipo yapolishidwa kamodzi mopepuka ndi anthu odziwa, ogula ambiri sadandaula, ena amakondwa kumene. Rolex eni ake amalangiza kuti wotchi izipita ku sevisi pafupifupi zaka 10 zilizonse, ndipo kupolisha kumakhala mbali ya sevisiyo pokhapokha mwini wake atakana. Koma wotchi ikamakalamba n'kuyamba kusowa, zinthu zimatembenuka. Submariner 16610 anasiya kuipanga cha mu 2010, ndiye chaka chilichonse zosapolishidwa zikucheperachepera. Ogulitsa a ku Johannesburg, London kapena Dubai mukawatumizira zithunzi pa WhatsApp, sayamba afunsa ngati ikuwala. Amapempha chithunzi chapafupi cha nyanga zonse zinayi, cha m'mbali, ndi cha chotsekera lamba. N'chifukwa chake pa malonda a mawotchi akale mumaona mawu akuti unpolished, kutanthauza yosapolishidwa, atalembedwa patsogolo penipeni. Kwa osonkhanitsa mawotchi, Submariner 5513 yakale yokandikakandika koma ya nyanga zonenepa imaposa inzake yonyezimira yomwe yadutsa pa gudumu kasanu. Galasi, timphira, ngakhale zitsulo za m'makina zimasinthidwa. Thupi la wotchi ndi limodzi lomwelo, ndipo nambala yake ili pomwepo.

Pali mawotchi ena omwe gudumu lofewa lisawayandikire n'komwe. Royal Oak ya Audemars Piguet, yomwe inatuluka mu 1972, ndi Nautilus ya Patek Philippe ya mu 1976, onse ojambulidwa ndi Gérald Genta, kukongola kwawo konse kuli pa kusinthana kwa mbali zopesedwa ndi timizere towala. Ngodya 8 za mkombero wa Royal Oak zikabulungira, chatsala n'chiyani? Grand Seiko nayonso: kuwala kwake kochokera ku kapolishidwe kotchedwa Zaratsu n'kwafulati moti chithunzi chooneka m'menemo sichikhota, ndipo nsalu yozungulira singakubwezeretse.

Chitsulo chakenso chimasiyanitsa. Rolex amagwiritsa ntchito chitsulo cha mtundu wa 904L, makampani ambiri 316L, ndipo zonsezi zimapirira kupolisha kopepuka. Golide wa makarati 18, wodindidwa 750, ndi wofewa kwambiri ndipo amadyeka msanga. Tizidindo ta kuseri kwa nyanga tikafufutika, umboni wina woti ndi golide weniweni wapita nato. Wotchi yongokutidwa ndi golide ndiye yoopsa zedi: chikutocho nthawi zambiri sichipitirira ma micron 20, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Masekondi ochepa pa gudumu, m'ngodya mwayamba kuoneka chitsulo chotuwa cha pansi. Zokutidwa ndi chikuto chakuda chopyapyala chotchedwa PVD n'chimodzimodzi. Kambale ka aluminiyamu ka mu mkombero wa 16610 sakapolisha konse, utoto wake uli pamwamba pokha. Apa amisiriwa anakachotsa n'kukaika pambali, ndipo anachita bwino.

Galasi ndi nkhani ina. La sapphire lili pa 9 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, polishi wamba salikhudza, ndipo likakandika kapena kubenthuka njira yabwino n'kusintha. Mawotchi ena, monga ambiri a Omega ndi Breitling, ali ndi utoto woletsa kuthwanima kunja kwa galasi. Mukaona timizere pamenepo, nthawi zambiri chakandika ndi utotowo, ndipo kupukuta ndi polishi kumangousiya mawangamawanga. Galasi lapulasitiki, monga Hesalite ya pa Omega Speedmaster Professional, ndilo lokhalo losavuta: kadontho ka polishi wa pulasitiki wotchedwa Polywatch pa thonje, kupukuta kwa mphindi 2 kapena 3 modutsana ndi pokandikapo, tepi itamatidwa pa mkombero, basi lawala. Kumeneku n'kupolisha komwe sikuononga mtengo.

Za kunyumba: waya wotsukira mapoto, phulusa ndi mankhwala otsukira mano zisiyeni kukhitchini ndi kubafa. Brasso ndi wa mkuwa, ndipo amatsalira m'ming'alu. Kansalu kopolishira kotchedwa Cape Cod kamathandiza pa timizere tochepa ta mbali yowala, koma nakonso kamadya chitsulo pang'ono, ndipo kakakhudza mbali yopesedwa kamasiya chigamba chonyezimira chomwe sichichoka chokha. Kunena zoona, mawotchi ambiri omwe eni ake amati afunika polishi amangofunika kusamba. Thukuta la Okutobala ndi fumbi la mu Limbe zimapanga phala lakuda m'malumikizidwe a lamba, lomwe limaphimba kuwala komanso kudya timisomali ta m'kati mpaka lamba kuyamba kugwedera. Chotsani lamba, muviike m'madzi ofunda a sopo wamadzi kwa mphindi 10, mutsuke ndi mswachi wofewa, mutsukuluze, muumitse ndi nsalu yofewa. Thupi la wotchi lingopukutidwa ndi nsalu yonyowa, kabatani katatsekedwa mpaka kumapeto.

Amene mukufunabe kupita pa shopu ngati iyi, yambani mwawapatsa wotchi yotchipa muone dzanja lawo. Jambulani yodulayo mbali zonse musanaipereke. Funsani mafunso atatu: kodi makina amatulutsa, kodi tepi amamata, kodi ali ndi choyesera madzi. Lamba akhoza kupesedwa payekha thupi osalikhudza, ndipo poti lamba ndiye amakandika kwambiri pa desiki, wotchi imaoneka yatsopano ndi zimenezo zokha. Zomwe mwagwirizana zilembedwe pa risiti, chifukwa mawu akuti “ingoyeretsani pang'ono” mmisiri amawamva kuti achotse kukandika kulikonse. Lembetsani momveka kuti gudumu lisakhudze nyanga. Ndipo pokatenga, musaiyang'anire pansi pa mababu a m'shopu, omwe amawalitsa chilichonse. Tulukani nayo pakhonde, muipendeketse padzuwa, muyendetse chikhadabo pa ngodya zonse zinayi musanatulutse ndalama.