Hoe, mulhoe kapena hoedeopbap: muyambire pati ku Busan?

Ife amene tinakulira chambo chootcha ndi usipa wouma, tikamva zodya nsomba yaiwisi mtima umayamba wakana. Koma mukakhala pansi m'malo odyera a ku Millak, pafupi ndi gombe la Gwangalli, kapena pamsika wa nsomba wa Jagalchi, mumzinda wa Busan ku South Korea, funso limangokhala loti muitanitse chiyani.

Mwini nkhani ndi mbale yaikulu ya hoe, nsomba yaiwisi yodula tizidutswa. Nsomba imakhala ikusambira m'thanki pakhomo, inu mumangoloza ndi chala, amaivuula nkuikonza pomwepo. Kawirikawiri imakhala gwangeo, yaphwatalala ija ya maso mbali imodzi, kapena ureok, yakuda ya m'miyala. Miyezi yozizira anthu amathamangira nsomba yaikulu yotchedwa bangeo chifukwa imanona. Mnofu wa nsomba yophedwa pomwepo umalimbako m'mano, ndipo anthu a ku Korea amafuna kulimba komweko. Mumatenga tsamba la letesi kapena la kkaennip (tsamba lonunkhira la ku Korea), kachidutswa ka nsomba koviika mu chojang, tsabola wofiira wothira viniga ndi shuga, kuwonjezera adyo pang'ono, nkukulunga, nkuponya mkamwa kamodzi. Ine chinandigonjetsa ndi chomaliza: mutu ndi minga sataya, amaphikira maeuntang, msuzi wa tsabola umene umafika patebulo ukubwata. Vuto ndi mtengo, ndipo mbaleyi imafuna anthu atatu kapena anayi. Mukagula nsomba pansi ku Jagalchi nkukadyera pamwamba, konzekerani kulipiranso ndalama ya tebulo munthu aliyense.

Mulhoe, wotchuka m'mizinda ya Pohang ndi Sokcho, ndi nsomba yodula timizere mumsuzi wozizira wowawasa, nthawi zina wa ayezi. M'kutentha kwa Ogasiti amatsitsimula, koma kwa woyamba kumene, kuzizira ndi kuiwisi pamodzi zimachuluka. Yanga ndinaimaliza nditathiramo mpunga.

Hoedeopbap ndi mpunga, masamba ndi nsomba m'mbale imodzi, mumavundula nokha ndi chojang. Ngotsika mtengo, ngokwana munthu mmodzi, ndipo saopsa. Kungoti nsomba imabisala mu tsabola, simudziwa bwino kuti mwadya gwangeo kapena ina.

Kumbukirani kuti zonsezi ndi nsomba za m'nyanja yamchere. Musakayesere kwathu ndi chambo kapena kampango. Nsomba za m'madzi opanda mchere zikhoza kukhala ndi nyongolotsi zopatsira munthu.

Mukakhala nokha masana, yambani ndi hoedeopbap. Mukakhala ndi anzanu madzulo, sonkhani ndalama ya gwangeo, ndipo musadzuke maeuntang asanafike.