Mikanda yowala ya Fluoresbrite poyeza kudyedwa kwa mabakiteriya pamathiriro a mitsinje

Pomwe mtsinje umathira m'nyanja yamchere, mililita imodzi ya madzi imakhala ndi mabakiteriya mamiliyoni angapo. Amene amawadya kwambiri ndi tizilombo ta selo imodzi, ma flagellate ndi ma ciliate, tomwenso timadyedwa ndi ma copepod, tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi tomwe ndi chakudya cha tiana ta nsomba. Wofuna kuyeza kadyedwe kameneka angathe kuyamba ndi mikanda yapulasitiki ya Fluoresbrite YG ya kampani ya Polysciences, ya 0.5 µm, kukula kwa bakiteriya wamba wa m'madzi. Mikandayi imathiridwa m'madzi oyezedwawo, tizilomboto timaimeza ngati mabakiteriya, kenako mumawerenga yomwe yamezedwa.

Ubwino wake ngoonekeratu. Ndi yofanana kukula, siiola, ndipo pa maikulosikopu ya epifluorescence, yoonera zinthu zowala, imawala mobiriwira mopita kuchikasu, moti kuwerenga itatu kapena inayi m'kati mwa kachilombo kamodzi sikuvuta. Isungeni mumdima pa 4°C, isaundane.

Mchere ndiye mdani wake. Ikangolowa m'madzi amchere imagwirana n'kupanga timibulu tomwe flagellate sangameze. Iviikeni kaye mu BSA, puloteni wa m'magazi a ng'ombe, kenako muimwaze ndi sonicator, makina ogwedeza madzi ndi mafunde a phokoso, musanaithire. Muthire yochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a chiwerengero cha mabakiteriya a m'madziwo, chifukwa mukachulutsa ndiye kuti mwasintha chakudya chomwe mukufuna kuyeza. Tapani madzi pa mphindi 0, 5, 10 ndi 20 kuchokera pomwe mwathira mikanda. Mukachedwa, tizilomboto timayamba kutulutsa zomwe tameza ndipo chiwerengero chimaima. Pa mphindi 0 musadumphepo, ndi pomwe pamasonyeza mikanda yongomatirira kunja kwa selo. Iphani tizilomboto ndi mankhwala a glutaraldehyde ozizira kwambiri kuti tisalavule mikanda, musefe pa sefa yakuda ya polycarbonate ya 0.8 µm, n'kuika DAPI, utoto wowalitsa DNA ya m'maselo.

Komabe mkanda ndi pulasitiki, ndipo tizilombo timeneti timasankha. Mu 1987, Barry Sherr, Evelyn Sherr ndi Robert Fallon anayerekeza mikanda yapulasiti​ki ya latex ndi mabakiteriya enieni opakidwa utoto wa DTAF m'kamtsinje kamchere ku Georgia, ku America. Ma flagellate ndi ma ciliate ankameza mabakiteriyawo kuwirikiza ka 4 mpaka 10 kuposa mikanda. Ichi n'chilema cha mikanda ya latex yonse, osati mtundu umenewu wokha, koma wogula achidziwe: nambala yomwe mudzapeze idzakhala yotsika.

Madzi a pamathiriro amakhalanso ndi matope ndi zinyalala za zomera, zomwe zimatseka sefa n'kubisa maselo. Sefani madzi ochepa, mamililita 2 mpaka 5 pakakhala matope ambiri.

Pophunzitsa, poyerekeza malo awiri, kapena pofuna kuona ngati ndere zina zazing'ono zimamezanso mabakiteriya, mikandayi ndi yoyenera kugula. Ngati cholinga n'kuwerengera kaboni amene akuchoka kwa mabakiteriya kukwera kwa ma copepod, konzani mabakiteriya opaka utoto kuchokera m'madzi omwewo, mikanda ingokhala yoyerekezera.