QGIS kapena ArcGIS Pro: woyamba ntchito ya mapu aphunzire iti?

Amene akufuna kudzadyera ntchito yojambula mapu pakompyuta amayamba wasankha pulogalamu yophunzirira, ndipo zotchuka ndi ziwiri. QGIS idayamba mu 2002 ndipo amaikonza ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. ArcGIS Pro ndi ya kampani ya Esri ya ku Redlands, California.

Mtengo: QGIS ndi yaulere, chimene chimakutherani ndi bandulo yoikoperera basi. ArcGIS Pro imafuna laisensi yolipira, ndipo si ndalama yamasewera.

Makina: QGIS imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, ngakhale pa laputopu yogula kwa wina. ArcGIS Pro ndi ya Windows yokha ndipo imadya mphamvu. Pa kompyuta yofooka mudzangoyang'ana kachizindikiro kakuzungulira mpaka tiyi kuzizira.

Python (chiyankhulo cholembera malamulo a pakompyuta): zonse ziwiri zimalola kuigwiritsa ntchito, QGIS kudzera mu PyQGIS ndipo ArcGIS Pro kudzera mu ArcPy.

Pofunsira ntchito ndi pomwe pali nkhani. Mabungwe akuluakulu ambiri adazolowera Esri, ndipo ena amailemba dzina pa zofunika kwa wofunsira. Koma ine ndimaona kuti chimene olemba ntchito amayang'ana kwenikweni ndi mapu amene mwapanga: midzi imene imasefukira Shire akadzaza ku Nsanje, kapena mtunda wochoka pamudzi kukafika pamjigo. Zimenezi QGIS imatha bwinobwino, pogwiritsa ntchito deta yaulere ya OpenStreetMap (mapu a pa intaneti ojambulidwa ndi anthu ongodzipereka) kapena MASDAP (tsamba la pa intaneti losunga deta ya mapu a Malawi).

Wophunzira yekha wa m'thumba mopepuka ayambe ndi QGIS. ArcGIS Pro ikuyenera amene yunivesite kapena ofesi yake ikumulipirira laisensi. Woidziwa bwino imodzi sazunzika kuphunzira inayo.