Batire la njinga yamoto kapena la 18650 pa Arduino?

Kuno ku Angónia, wofuna kuyatsa Arduino Uno (kabodi kokhala ngati kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo zamagetsi) ndi timagetsi ta LED angasankhe pakati pa mabatire awiriwa.

La njinga yamoto limapereka 12V, yomwe Arduino imalandira pa pini yolowetsera magetsi yolembedwa VIN, ndipo limatchajika ndi sola. Koma mawaya akagundana, mphamvu yake imasungunula waya wopyapyala nthawi yomweyo. Chonde ikani fyuzi ya 1A pafupi ndi mutu wa +, pa waya wofiira.

La 18650, batire laling'ono lotchajika lochotsa mu laputopu yakale, ndi lopepuka, koma limapereka 3.7V basi. Limafuna kabodi kokwezera mphamvu kufika 5V ndi kabodi kena kotchajira ka TP4056. Limadananso ndi kutentha, ndiye mumzinda wa Tete, kumene kumapitirira madigiri 40, musalisiye padzuwa.

Ngati chipangizocho sichiyendayenda, ine ndingatenge la njinga yamoto.