Garmin, Apple, Coros kapena Suunto: ndi wotchi iti ingapirire phiri la Dedza?

Loweruka lililonse kusanache timakumana pa boma anthu ochepa n'kuyamba kukwera phiri la Dedza. Ena amathamanga, ena timangoyenda ndawala. Tauni yathuyi ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri ili pa mamita 2,198. Ndiye kuti munthu wofika pamwamba wakwera mamita 600 kapena kuchepera pang'ono. Nambala imeneyi ndinaisunga pamtima kalekale, ndipo ndi imene inandiululira kuti wotchi yanga yayamba kudwala. Tsiku lina mu Julayi, chifunga chitakuta mitengo ya paini, manja atauma ndi chisanu, ndinayang'ana pamkono n'kupeza ikunena kuti ndakwera mamita 1,900.

Wotchiyo anandigulira alamu anga ku Johannesburg ndi ndalama zimene ndinasunga miyezi yambiri. Dzina la kampani yake sinditchula. Patangotha milungu itatu chichitikire zapaphiri zija, batani loyambitsira kuthamanga linayamba kukakamira, ndipo apa n'kuti waranti itatha miyezi iwiri yapitayo. Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza mafoni mumsika. Anaitembenuza, anaiunika ndi tochi, kenako anandibwezera.

"Achimwene, iyi anamata ndi guluu. Ndikaitsegula ndiye kuti mwayamba kulowetsa madzi. Komanso zipangizo zake kuno simungazipeze."

Akampani nditawalembera anandiyankha mwaulemu kuti ndiitumize kunja, ndilipire, anditumizire ina yokonzedwanso. Nditawerengetsa zonyamulira ndi msonkho, ndinaiika m'kabati.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikufunsa aliyense wovala wotchi yamasewera, ndipo ndaona kuti ife a kuno tiyenera kusankha mosiyana ndi munthu wa ku London. Iye ikafa amakasintha kusitolo masana omwewo. Ife funso loyamba lizikhala lakuti: chinthuchi chikadzavuta, ndidzataya zingati, nanga ndidzatha kuchitapo kanthu ndili konkuno?

Ndiyambe ndi Garmin, chifukwa ndi imene ambiri amailota. Fenix 8 inatuluka mu Ogasiti 2024 pa mtengo woyambira $999.99. Pa mtengo wa dola wa kubanki wa nthawi imeneyo, zimenezo zinkaposa K1.7 miliyoni musanaphatikize msonkho, ndipo tonse tikudziwa zimene zinachitikira ndalama yathu itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimene mumapeza pa ndalama imeneyo n'zenizeni. Ili ndi mabatani 5, kotero mumaiyendetsa ngakhale mutavala magulovu kapena zala zili ndi thukuta. Mapu amakhala m'kati mwa wotchi momwemo, safuna netiweki mukakhala m'nkhalango. Ya mamilimita 47 yokhala ndi sikirini yowala kwambiri yotchedwa AMOLED akuti imatha masiku 16 osatchaja ngati simukugwiritsa ntchito GPS. Kwa munthu amene magetsi amamuzimira tsiku lathunthu, zimenezi n'zazikulu.

Madandaulo a eni ake a Garmin agona kwambiri pa pulogalamu yoyendetsa wotchiyo. Pa 28 Januwale 2025, mawotchi ambiri a kampaniyi padziko lonse, kuphatikizapo ma Fenix 8 ndi ma Forerunner, anayamba kuzima ndi kuyaka okha. Munthu akangodina kuti ayambe kuthamanga, pa sikirini pankangotsala kachizindikiro kabuluu ka makona atatu. Chinayambitsa ndi kafayilo kolakwika kothandiza wotchi kupeza masetilaiti mwachangu, kamene kamalowa kokha wotchi ikalumikizana ndi foni. Kampani inakonza msanga, koma ena anachita kufufuta zonse n'kuyambanso ngati yatsopano. Taganizirani, galasi lili bwinobwino, batire lili lodzaza, simunaigwetse, koma chinthu cha miliyoni ndi kuposa chafa chifukwa cha fayilo yochokera kutsidya kwa nyanja. Mu Julayi 2020 nakonso akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a kampaniyi, ndipo Garmin Connect, pulogalamu yosungirako maulendo a eni mawotchi, inakhala masiku angapo isakugwira ntchito. Kenako mu Malichi 2025 anabweretsa Connect+, yolipira $6.99 pa mwezi. Zaulere zakale anazisiya zaulere, koma anthu ambiri anakwiya, poona kuti atalipira kale ndalama yonse ija akupemphedwanso ya mwezi ndi mwezi kuti apeze zatsopano zina. Palinso dandaulo lakale lakuti mtundu watsopano ukatuluka, zina zabwino sizifika pa mtundu wa chaka chathachi ngakhale unagulidwa modula.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndimaitamira Garmin, ndipo otsatsa malonda sachinena. Mukailumikiza ku kompyuta ndi chingwe, mumatha kukopera mafayilo a maulendo anu onse popanda intaneti. Tsiku limene makompyuta a kampani adzagwenso, kapena bandulo yakutherani pakati pa mwezi, mbiri ya kuthamanga kwanu ili m'manja mwanu.

Apple Watch Ultra ndi nyama ina. Yoyamba inatuluka mu Seputembala 2022 pa $799, thupi lake ndi la chitsulo cha titanium, galasi la safiro (mwala wolimba wosakandika msanga), ndipo pa kukongola kwa sikirini ndi kusalala kwa pulogalamu palibe pa mawotchi awa yoiposa. Mauthenga mumayankhira pamkono pomwepo. Koma imafuna iPhone. Ngati foni yanu ndi Tecno, itel kapena Samsung, nkhani yathera pomwepa. Chachiwiri ndi batire: Ultra 2 analemba kuti imatha maola 36 pa ntchito ya masiku onse, maola 72 mukaichepetsa mphamvu. Mphunzitsi wa ku Bembeke kapena wa ku Kasina amene amatchajitsa foni pa sola ya kugolosale sangakwanitse kusamalira chinthu chofuna moto tsiku lachiwiri lililonse. Ndipo kutchaja pafupipafupi kuli ndi mtengo wake wobisika. Batire la lithiamu limatha malinga ndi maulendo amene ladzazidwa n'kutsitsidwa. Apple imanena kuti la wotchi yake linapangidwa kuti lisunge 80 peresenti ya mphamvu zake pakatha maulendo 1,000. Wotchi yotchajidwa kawiri pa mwezi idzatenga zaka zochuluka zedi isanafike pamenepo, pomwe yotchajidwa katatu kapena kanayi pa sabata imayandikira msanga.

Pali phunziro linanso pa Apple. Mu Januwale 2024, mawotchi ake atsopano ogulitsidwa ku America anayamba kutuluka atatsekedwa mbali yoyeza mpweya wa m'magazi chifukwa cha mlandu wa umwini wa luso ndi kampani ya Masimo. Kachipangizo koyezera kanali momwemo, koma pulogalamu inakatseka. Ambirife timagula zinthu kudzera mwa achibale okhala kunja, choncho muzifunsa kuti wotchiyo inagulidwira dziko liti. Chimodzimodzinso zoimbira foni pa wotchi popanda kunyamula foni: zimatheka ndi makampani a mafoni okhawo amene anagwirizana ndi Apple, ndiye musalipirire chinthu musanatsimikize kuti chigwira kuno.

Tsopano Coros. Anthu ambiri anaidziwa chifukwa cha Eliud Kipchoge, katswiri wa mpikisano wa mtunda wautali wa ku Kenya, amene anayamba kuivala. Pace 3 inatuluka mu 2023 pa $229. Ndi yapulasitiki, yopepuka magalamu 30 ikakhala ndi lamba wansalu, imatha maola 38 GPS ikugwira ntchito, ndipo imamva masetilaiti pa njira ziwiri, L1 ndi L5. Zanjira ziwirizi musazione ngati zokometsera. Pansi pa mitengo yothithikana ya m'phiri mwathu, kapena pafupi ndi matanthwe a ku Chongoni kumene kuli zojambula zamakedzana zija, mafunde a setilaiti amanjanja pamwala asanafike pamkono, ndipo wotchi ya njira imodzi imajambula njira yokhotakhota ngati ya munthu woledzera n'kukuwonjezerani mtunda umene simunayende. Coros imapereka waranti ya zaka 2 pomwe Garmin ndi Apple nthawi zambiri amapereka chaka chimodzi, ndipo ili ndi mbiri yotumiza zatsopano ngakhale ku mawotchi ake akale. Yaikulu yake, Vertix 2S imene inatuluka mu 2024 pa $699, ili ndi titanium ndi safiro, ndipo batire lake limapitirira maola 100 pa GPS.

Nayo ili ndi zilema. Pace 3 ilibe mapu enieni, imangoonetsa kamzere ka njira. Galasi lake si la safiro, limakandika. Kagudumu kake ka pambali kamatha kuzungulira kokha mukavala jekete la manja aatali, pokhapokha mutakatseka. Ndipo mu 2025 akatswiri a chitetezo cha makompyuta a ku Germany anaulula kuti Bluetooth ya mawotchi a Coros inali ndi mipata yoti munthu woyandikira n'kulowererapo, kampani n'kuyamba kutseka mipatayo pambuyo pake. Palibe kampani yoyera pa nkhani ya pulogalamu. Kusiyana kwake n'kwakuti Pace 3 ikafa mwataya $229, osati $1,000.

Suunto ndi ya ku Finland, inayamba mu 1936 ndi kupanga makampasi, ndipo mawotchi ake ndi olimba thupi, mapu ake ndi aulere. Suunto Race ya 2023 inali $449. Eni ake akale amakumbukirabe mowawidwa mtima pamene kampani inatseka Movescount, malo amene ankasungirako maulendo awo a zaka zambiri, n'kuwasamutsira ku pulogalamu ina. Polar, ya ku Finland komweko, ndi imene inatulutsa choyezera kugunda kwa mtima chopanda waya choyamba mu 1982, ndipo lamba wake wa pachifuwa woyezera mtima ndimamulemekeza kuposa mawotchi ake. Samsung Galaxy Watch Ultra ya 2024, ya $649, ndi yankho la a Android ku Apple, ndipo vuto lake ndi lomwelija la kutchaja pafupipafupi.

Ndibwerere ku mamita 1,900 aja, chifukwa chimene chinachitika ndinadzachimvetsa mochedwa. Mawotchi onsewa amayeza kukwera pogwiritsa ntchito kuthina kwa mpweya, kudzera pa kabowo kakang'ono ngati ka singano kamene kali m'mbali kapena kunsi. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi lofiira la m'misewu yathu likasakanikirana ndi mchere wa thukuta, limauma m'kabowomo ngati dothi la chiswe. Kakatsekeka, nambala zimasokonekera, kaya wotchi ndi ya $200 kapena ya $1,000. Mankhwala ake ndi kuitsukuluza ndi madzi oyera mukangobwera kothamanga, nthawi zina kuiviika m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi zingapo. Musatokose ndi singano kapena waya, mudzaboola kachipangizo ka m'kati. Mchere womwewo ndi umene umakakamiritsa mabatani ndi kudya timapini ta tchaja. Ndikanadziwa zimenezi poyamba, mwina yanga ikanakhalapobe, ndipo zimandipweteka kuti kapepala ka m'bokosi kanangozitchula m'timalemba tating'ono.

Galasi ndi pamene ndalama yowonjezera ili ndi phindu looneka. Miyala ya phiri lathu ndi mchenga wake zili ndi timiyala ta quartz, timene kulimba kwake ndi 7 pa muyeso wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala. Galasi wamba lili pansi pa pamenepo, n'chifukwa chake kungokhudza mwala potsetsereka kumasiya chipsera. Safiro ali pa 9, mchenga sumukanda. Koma kusakandika si kusasweka. Mukaimenyetsa mwamphamvu pa thanthwe, safiro nayenso amang'aluka. Pa sikirini, AMOLED imawala mokongola koma imadya batire ndipo ikakalamba imatha kusiya zithunzithunzi za manambala. Yamtundu wa MIP ndi yosawala m'nyumba, koma padzuwa la masana pa msewu wa Golomoti imawerengeka bwino kwambiri, ndipo imadya pang'ono.

Za kugunda kwa mtima, m'mawa wa Juni kuno musadabwe wotchi iliyonse ikanama. Kuzizira kumachepetsa magazi oyenda pakhungu la pamkono, ndipo kanyali kobiriwira ka kunsi kwa wotchi, koyezera mtima, kamasowa chowerenga. Lamba wa pachifuwa amathetsa zimenezi pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula wotchi ina.

Mukandifunsa ine, wothamanga wokonzekera Porters Race ya pa Mulanje kapena wokwera nafe Loweruka agule Coros Pace 3, otsalawo agulire nsapato zabwino ndi lamba wa pachifuwa. Woyenda masiku angapo m'tchire, wogwira ntchito za nkhalango kapena za ulimi kutali ndi magetsi, ayang'ane Garmin Instinct ya sola. Ilibe zokongola, koma ndi yolimba, ili ndi mabatani okhaokha, ndipo dzuwa limaonjezera batire. Fenix 8 ndi Vertix 2S ndi za amene akufunadi mapu pamkono ndipo ali ndi wachibale woyenda pafupipafupi kunja woti n'kuitenga ikavuta. Apple Watch Ultra ndi ya mwini iPhone wokhala pamene magetsi kapena sola sizivuta.

Iliyonse imene mungagule, sungani lisiti, funsani tsiku limene waranti inayamba kuwerengedwa, ndipo ngati ndi yogwiritsidwapo ntchito onetsetsani kuti mwini wake wakale waichotsa pa akaunti yake, makamaka ya Apple, imene imakana kutseguka popanda zimenezo. Pomwe wotchi ikulola, tsekani zoti izilandira update yokha. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri mumve zimene ena akumana nazo, ndipo musaike update usiku woti mawa kuli mpikisano. Ine tsopano ndimavala yotsika mtengo, ndimaitsuka pa mpope ndikangofika kunyumba, ndipo Loweruka lapitali pamwamba pa phiri inalemba mamita 590.