Miyezi khumi ndikuluka mesh ya Mar Menor ndi Gmsh

Papita miyezi khumi chiyambireni kugwiritsa ntchito Gmsh, pulogalamu yaulere imene anakonza Christophe Geuzaine ndi Jean-François Remacle, pogawa nyanja ya Mar Menor m'tizigawo ta makona atatu kuti kompyuta iziwerengera mmene zoipa za m'madzi zimafalikira. Ukonde wa tizigawoti ndi umene timautcha mesh. Nyanjayi ili ku Murcia m'dziko la Spain, kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 135, pakuya kwambiri ndi mamita 7 okha, ndipo chimene chimailekanitsa ndi nyanja ya Mediterranean ndi mchenga wautali wa La Manga. Feteleza wokokoloka m'minda ya Campo de Cartagena, amene wambiri amalowera pa khwawa la Albujón, ndiye anabiriwitsa madzi ndi ndere mu 2016, ndipo nsomba zinafa zosawerengeka mu Okutobala 2019 komanso mu Ogasiti 2021 chifukwa chosowa okosijeni.

Poyamba ndinkaganiza kuti kuchulukitsa tizigawo ponseponse ndiko kulondola, koma ndinadzipha ndekha. Kachigawo kochepetsetsa mu ukonde wonse ndiko kamalamula kuti kuwerengera kudumphe masekondi angati, choncho tizigawo tosongoka tingapo timene tinabadwira m'mbali mwa madoko a maboti tinkachititsa kompyuta kugonera ntchito ya masana amodzi. Cholakwa sichinali cha pulogalamuyi. Mzere wa gombe umene ndinailowetsera unali ndi timadontho tothithikana, ndipo kuusalaza ndi manja kunandidyera masabata atatu, ntchito yotopetsa imene palibe amene amaitchula poonetsa zithunzi zokongola za mesh.

Pamene Gmsh yandikhutiritsa ndi pa zida zake za Distance ndi Threshold, zimene zimalola kuti tizigawo tichepe pafupi ndi malo amene ndasankha n'kumakula pang'onopang'ono kulowera pakati pa nyanja. Ndinatichepetsa pa mathiriro a Albujón, mozungulira zilumba zisanu za m'nyanjayi, makamaka pa mipata itatu yolumikiza nyanja ziwirizi, Las Encañizadas, El Estacio ndi Marchamalo. Mpata wa El Estacio, umene anaukulitsa m'zaka za m'ma 1970 kuti mabwato azidutsa, ndiwo umadutsitsa madzi ambiri, ndipo ukaimiridwa ndi kachigawo kamodzi kokha m'lifupi mwake, nthawi imene madzi amakhala m'nyanjamo asanasinthike imatuluka yolakwika, mapu onse oonetsa malo amene ali pa chiopsezo cha zoipa za m'madzi n'kupotoka nayo limodzi. Apa ndiye sindiumira tizigawo ngakhale pang'ono.

Amene akufuna kuyesa adziwiretu kuti Gmsh siidziwa za kuya kwa madzi pokhapokha mutaipatsa nokha, ndipo kuwerengera kayendedwe ka madziwo ndi ntchito ya pulogalamu ina. Ine ndimatumiza ukondewo ku SHYFEM, imene inakonzedwera nyanja ya Venice. Kuyambira mwezi wachisanu wa ntchitoyi ndimalemba malangizo onse mu Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, moti mzere wa gombe ukasintha ndimalukanso ukonde wonse tsiku lomwelo.